Chitsa cha Millie

Mlongo wanga Lenard anabwera ndi nkhaniyi atavala chipewa. Munthu woyamwa naye bere limodzi akafika pakhomo pako n'kukhala pampando chipewa chili kumutu, umadziwiratu kuti amene wabwerayu si m'bale wako koma kapitawo wa kampani. Chinali chipewa cha khaki chimene mzungu wina anatopa nacho, ndipo Lenard ankachisamala kuposa mano ake.

"Achemwali, alamu alipo?"

"Apita kukanola nkhwangwa. Vulani chipewacho, pano si pa ofesi."

Sanavule. Anayang'ana nkhuku, anayang'ana phiri, kenaka anati, "Lolemba tiyamba kudula bulugama wa kutsidya kwa mtsinje."

Kutsidya kwa mtsinje kunalibe bulugama wina koma wa kumanda.

Ife tinalibe mudzi. Makolo athu anachokera kwa Apwitikizi, kuseri kwa phiri, ndipo tinakulira m'nyumba za kampani pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Mulanje, mbali ya ku Limbuli. Anthu atayamba kufa pakomboni, kampani inatipatsa kachitunda ka miyala yokhayokha, pomwe tiyi anakana kumera. Panalibe ndi mtengo umodzi womwe. Kwa anthu, manda amakhala mu msitu, pamthunzi, ndipo palibe amathyolamo ngakhale kamtengo kotsukira mano. Athu anali pambalambanda, dzuwa likuwotcha mitumbira, agalu akudutsapo. Zinkatichititsa manyazi.

Mwana wanga woyamba, Millie, anamwalira chaka cha njala, 1949. Chikuku chinamupeza alibe mphamvu. Anali atangoyamba kunditsatira kumtsinje ndi kachitini kake pamutu. Amene anasonyeza adzukulu malo okumba anali Lenard yemweyu, pakuti kwathu mwana ndi wa malume ake. Ndiye mwini mbumba. Tsiku limenelo analira mpaka anthu anachita kumugwira.

Nthawi imeneyo amuna anga, aChester, ankagwira ntchito ku nazale ya kampani. Titasesa, anabwera ndi kambande ka bulugama komwe kanatayidwa chifukwa kanathyoka nsonga, ndipo tinakabzala kumutu kwa manda kuti mwana apeze mthunzi. Kanagwira. Chifukwa cha kuthyoka kuja kanakula ndi mphanda, mitu iwiri. Anzathu ataona anasirira, ndipo aliyense woika maliro ankapempha mbande kwa aChester. Ngakhale manda akale anabzalidwa. Tinkati tachenjera. Panalibe mmodzi mwa ife, ngakhale akulu a mpingo ndi mabaibulo awo, amene anaganiza kuti kampani ikaona bulugama imaona nkhuni.

Zaka zinapita. Mitanda inadyedwa ndi chiswe, mitumbira inaphwa ndi mvula ya kuno yosadziwa kuleka. Chinatsala ndi mitengo, ndipo aliyense ankadziwa wake: uwu wopendama, uwo wa khungwa losupuka, uwo wonenepa pafupi ndi thanthwe. Kumanda sapitako chisawawa, makamaka ife amayi, koma ine sindinkafunika kulowamo. Ndikamatsikira kumtsinje ndinkangokweza maso, n'kuona mphanda ija pamwamba pa inzake, n'kunena mumtima kuti wadzuka bwanji mwanawe. Mnzanga woyandikana naye nyumba, Marjory, ankachitanso chimodzimodzi ndi mtengo wa malemu amuna ake.

Ndiye tsiku limenelo, mu 1957, Lenard anakhala pampando wanga n'kuyamba kundiphunzitsa za bulugama.

"Tamverani kaye, achemwali. Fakitale imauma tiyi ndi moto. Popanda nkhuni tiyi awola, ntchito yatha, tonse tibwerere kwa Apwitikizi. Kale ankagwetsa mitengo ya m'phiri, mitsinje n'kuyamba kuphwa. Pano kampani imabzala yakeyake, n'kumadula chigawo chimodzi chaka chino, china chaka chamawa, mozungulira. Ndipo bulugama safa. Ukamudula bwino amaphukira, zaka zingapo wabwerera mwakale. Palibe chotayika. Inu nomwe mumatola nthambi zake, munasiya kuthamangitsidwa ndi alonda a nkhalango. Ndikunama?"

Sankanama, ndipo n'chimene chinandipsetsa mtima kwambiri. Bodza umalikana n'kugona tulo. Koma munthu akakubaya ndi zoona, umasowa pogwira.

"Zigawo zonse zija zatha," ndinatero, "mpaka mukadule pamutu pa mwana wa mlongo wanu?"

"Chaka chino abwana awonjezera makina. Chigawo chomwe timadalira sichinakhwime. Anakwera pachitunda paja, anaona mitengo yokhwima, anafunsa kuti mbande zake zinachokera kuti. Ndikanati chiyani? Manda sakumba ayi. Angodula mitengo basi, ndipo iphukira."

"Ikaphukira, wa Millie ndidzaudziwa bwanji?"

Apa mphunzitsi uja anakonza chipewa chake. "Muikepo mwala," anatero.

Mwala! Pachitunda pomwe mwala uliwonse uli ndi abale ake chikwi, pomwe ng'ombe zidzakhale zikukoka zipika uku ndi uku. Ndinamuuza kuti adzuke pampando wanga. Anati chibale ndi fupa sichiola. Ndinati fupalo akalipereke kwa abwana ake aliponye m'ng'anjo, mwina liumitsa tiyi.

Akulu a mpingo anapita ku ofesi atavala majekete. Anabwerako ndi mawu omwe aja a Lenard, kungoti tsopano anali atadutsa m'Chingerezi. Ena mwa odula nkhuni anadwala mwadzidzidzi, wina mutu, wina msana. Lenard anakatenga anthu a ku chigawo china cha esiteti, omwe analibe m'bale aliyense pachitunda paja. Koma aChester, omwe nthawi imeneyo anali atachoka ku nazale n'kulowa gulu la odula nkhuni, sanadwale. Lolemba m'mawa ndinawaona akutenga nkhwangwa kuseri kwa chitseko.

"Bambo a Millie, mukupita kuti?"

"Kuntchito."

"Ntchito yake iti?"

"Dyna, ndikapanda kupita ine, apita wina."

"Apite winayo! Winayo sanabereke. Inu munanyamula kamtengo kaja m'manja mwanu, munathirira ndi chitini cha mwana yemwe. Lero mukufuna tikiti yanu ya malipiro idindidwe?"

Amuna anga anali munthu woti mawu umachita kuwakumba ngati chinangwa cha m'chilimwe. Anatuluka, ndipo ine ndinawatukwana mpaka anakhota pa nyumba yomaliza ya mzere wathu. Sindibisa, ndinawada. Sabata yonseyo chakudya ndinkangowaikira pansi osawayang'ana, madzi osamba ankadziikira okha.

Kudula bulugama kuli ndi lamulo lake, ndipo aliyense pakomboni ankalidziwa. Chitsa chimayenera kutsala chachifupi, chosapitirira chikhato kuchoka pansi, chodulidwa mopendeketsa kuti madzi a mvula asaimepo. Akatero mphukira zimatuluka pafupi ndi mizu, zolimba. Lenard ankayenda pambuyo pa odulawo akuyeza chitsa chilichonse ndi dzanja lake. Chotalika ankabwezera mwini wake. Choncho zitsa zonse za pa esiteti zinkafanana ngati zabadwa kwa mayi mmodzi.

Sabata imeneyo tinkamva nkhwangwa kuyambira belu la m'mawa. Mtengo ukagwa nthaka inkanjenjemera mpaka kukomboni, ndipo mayi wina ankayamba kulira, osadziwa ngati wagwawo ndi wake. Thirakitala inkadutsa kuseri kwa nyumba zathu itasenza zipika. Lenard analengeza kuti amayi angathe kukatola nthambi monga mwa masiku onse. Palibe anapita. Ine madzi ndinkatuma ana kukatunga, kuopa kuona.

Loweruka masana mtima unakana, ndinanyamula ndowa ndekha. Ndinayenda nditaweramitsa mutu mpaka pamwala pomwe timachapira. Kenaka ndinakweza maso. Chitunda chinali chitabwerera dazi lake lakale. Zipika zinali mbwee, masamba akufota, ndipo zitsa zoyera zinali ponseponse, zofanana zokhazokha. Koma chapakati panali chitsa chimodzi chachitali, chofika m'chiuno mwa munthu, chitaima chokha.

Ndinakhala pansi pomwepo, ndowa n'kugubuduka. Sindinafunike kuuzidwa. Bambo uja anapita ndi nkhwangwa sabata yonse, akumeza matemberero anga, kuti mtengo wa mwana wake asaukhudze munthu wina, ndiponso kuti audule modziwika.

Nditafika kunyumba ndinapeza aChester atakhala pakhonde, manja ali pamaondo. Ndinawaikira madzi osamba. Tisanapume n'komwe, chipewa chija chinatulukira.

"Alamu," anatero Lenard, osakhala pansi, "chitsa chija mwachiona inu nomwe. Lolemba abwana akuyendera. Chitsike."

"Ndadula kamodzi," anatero aChester. "Kachiwiri ayi."

"Alamu, inu ntchitoyi mumaidziwa kuposa ine. Chitsa chachitali mphukira zake zimathyoka ndi mphepo. Komanso ndikasiya chimodzi, mawa aliyense afuna chake. Ine ndiyankha chiyani?"

"Muyankhe kuti pagona mwana wa mlongo wanu," ndinalowerera ine.

"Achemwali, musandiyese mfiti. Inenso zikundiwawa."

"Zikukuwawani pati? Tasonyezani tikuthowe."

Anatembenukira kwa alamu ake. "Mukakana, ndituma wina Lolemba m'mawa. Ndanena."

Mapanga awiri avumbwitsa. Lenard ankafuna kukhala malume ndi kapitawo tsiku limodzi, koma povumbwa tinkavumbwa ndife.

Ndinaganiza madzulo onse. Chitsa chikatsika, chifanana ndi zinzake. Mvula ikagwa chiphukira, mphukira zikula, ndipo pakapita zaka abweranso ndi nkhwangwa, kenaka abwerenso, mpaka kalekale. Mwana wanga adzakhala akudyetsa ng'anjo ya kampani ine osadziwa n'komwe kuti ali pati. Lenard anati bulugama safa. Koma ine ndinakulira m'munda, ndipo ndinkadziwa mmene amayi anga ankaphera zitsa zovuta.

Lamulungu m'mawa anthu akupita ku tchalitchi, ine ndinatenga khasu, chikwanje, ndi makala amoto m'phale. Mkazi salowa kumanda yekha popanda kupempha, ndikudziwa. Koma manda omwe mwalowa ng'ombe ndi thirakitala, ndikanapempha kwa yani? Ndinawoloka mtsinje n'kukwera.

Ndinayamba ndi kulambula. Ndinachotsa masamba ndi tinthambi tonse mozungulira mpaka panatsala dothi lokha, pakuti sindinafune kuwotcha abale a anzanga. Kenaka ndinakumba m'mbali mwa chitsa mpaka mizu ikuluikulu inaonekera. Ndinasenda khungwa lonse, kuyambira pamwamba mpaka pansi pa nthaka. Linali likadali lanthete, likutuluka madzi, fungo lake lija la mankhwala a chifuwa lili guu. Pamenepo ndinalira. Mtengo uwu ndinaulera ngati munthu, ndinaupatsa moni m'mawa uliwonse, ndipo lero ndinali kuusenda ndi manja anga. Ndinati, "Millie, usaope, ndine mayi ako. Mthunzi akulanda kale. Ndikufuna ndisakutaye."

Ndinaunjika nthambi zouma mozungulira, n'kuthira makala aja.

Pa esiteti panalibe mlandu woposa moto m'bulugama. Utsi utangokwera, nyimbo ku tchalitchi inadukira pakati. Ndinaona amuna akutsetsereka, majekete akuuluka, aliyense atathyola nthambi yozimitsira. Patsogolo panali Lenard. Atafika anapeza moto wolongosoka bwino, uli pakati pa bwalo loseseka, ine nditakhala pambali ndikusonkhezera.

"Dyna! Wapenga?" Ulemu wa uchemwali unathera kumtsinje.

"Munati chitsike. Chikutsika."

"Ukupha mtengo! Ukudziwa kuti sudzaphukanso?"

"N'chimene ndabwerera."

"Ndi wa kampani umenewu!"

"Mtengo ndi wa kampani, ndamva. Nanga ali pansiyu ndi wa yani? Tayankhani, mwini mbumba, anthu akumve. Ndi wa yani?"

Anthu anali atazungulira, amayi nawonso atafika. Lenard anakweza nthambi yake kuti amenye moto. AChester, omwe ndinali ndisanawaone, anatuluka m'gulumo n'kuima pakati pa iye ndi chitsa. Sanakweze dzanja. Anangoti, "Alamu, bwererani ku tchalitchi." Kenaka anawerama, anatola chipika chaching'ono, n'kuchiponya pamoto.

Lenard anaima nthambi ili m'mwamba mpaka anayamba kuoneka wopusa. Anaitaya, n'kutsika chitunda yekha.

Tinasonkhezera moto uja tsiku lonse, ndipo unanyeka pang'onopang'ono kulowa m'mizu. Lolemba abwana anapeza dzenje lakuda. Sanatichotse ntchito. Lenard anakatipepesera, ndipo aChester anawasamutsira ku fakitale, kukaponya nkhuni m'ng'anjo, ntchito yomwe aliyense ankaithawa chifukwa cha kutentha. Nkhuni za kumanda zitauma, anaziponya ndi iwowo. Lenard ankauza anthu kuti anatipulumutsa, ndipo ankadabwa kuti sindinapite kukathokoza.

Mvula inabwera, ndipo zonse zinachitika monga ananenera. Zitsa zinaphukira. Mphukira zinatuluka zofiirira, kenaka zobiriwira motuwa, zambirimbiri pachitsa chilichonse, ndipo pofika mwezi wa Febuluwale zinali zitapitirira munthu. Chitunda chinakongola, ndikuvomera, ndipo kukongolako kunkandinyansa. Pamalo pa Millie panatuluka timphukira tiwiri tofooka kuchokera ku muzu wina. Ndinatithyola. Sipanatulukenso kanthu. Ndikaima pamwala wochapira ndinkaona mpata pakati pa zobiriwirazo, ndipo ndinkaupatsa moni.

Anzanga sanaone mwayi umenewo. Tsiku losesa kumanda litafika, anthu analowa ndi makasu n'kuyamba kuzungulirazungulira. Wopendama uja panalibe, wa khungwa losupuka panalibe. Amayi awiri anakanganirana chitsa chimodzi mpaka kugwirana nsalu, aliyense akuti ndi cha mwana wake. Marjory anayenda uku ndi uku, akukankha mphukira, akuwerengera kuchokera pathanthwe, n'kubwereranso kukayamba. Pomaliza anasesa pamalo pena pake, koma pobwerera anandinong'oneza kuti, "Mwina ndasesera mwamuna wa eni."

Kampani ili ndi lamulo linanso. Chigawo chikaphukira, amayendamo kufuna zitsa zomwe zafa, n'kubzalapo mbande zatsopano kuti pasakhale malo ogona. Pachitunda paja zitsa zingapo zinali zitafa zokha. Ndinamva kuti mbande zafika kale kuchokera ku nazale, ndipo ndinanola chikwanje changa. Ndinalumbira kuti akabzala khumi ndidzazula khumi.

M'mawa wa tsiku lobzala, Lenard anafika pakhomo. Chipewa chinali m'manja. Ankachipindapinda ngati mwana wogwidwa akuba nzimbe.

"Achemwali," anatero, "mipata ilipo ingapo, ndipo udzu wamera ponse. Ndayendamo dzulo. Tiyeni mukandisonyeze wa Millie, ndiwauze anyamata adumphe."

Mwina ankayembekeza kuti ndigwa pansi n'kumugwira miyendo. Ine magazi anawira.

"Mukufunsa ine? Inu amene munaloza ndi chala chanu kuti adzukulu akumbe apa? Inu amene munati palibe chotayika?"

"Ndasokonezeka ndi mphukira. Zonse zikufanana."

"Anazifananitsa ndani?"

Ndinamanga nsalu, n'kutsogola. Tinawoloka mtsinje, anyamata a mbande atakhala m'mbali mwa njira akutiyang'ana. Ndinalowa m'mphukira muja osakayika, masamba onyowa akundimenya kumaso, iye akupunthwa pazitsa pambuyo panga. Titafika ndinapalasa udzu ndi phazi mpaka makala anaonekera.

"Ndi apa. Muyang'anitsitse, sindidzakusonyezaninso."

Anagwada. Anagwira makala aja. "Pano sipadzabzalidwa kanthu ine ndili moyo," anatero. Ndipo ndinaona kuti mtima wake wayamba kupepuka, kuti akudziona ngati wabweza ngongole yonse ya umalume ndi kadzenje kamodzi.

Kumbuyo kwathu masamba anachita phokoso. Anali Marjory. Anationa tikuwoloka ndipo anatitsatira, manja akadali ndi thovu la sopo. Anagwada patali pang'ono, mwaulemu, monga amachitira mayi wamasiye pamaso pa kapitawo.

"Pepani aLenard," anatero. "Poti lero mukusonyezana, mundisonyezeko nanenso. Bambo a kwathu ali pati?"

Lenard anadzuka. Anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere. Mphukira zinali ponseponse, zonenepa, zathanzi, zotuluka pazitsa zomwe iye mwini anayeza ndi chikhato chake chimodzichimodzi. Marjory anadikira, akadali chigwadire.

Ine ndinawasiya pomwepo n'kutsikira kumtsinje. Nditafika pamwala wochapira ndinacheuka, ndipo anali asanatulukemo.